Waya Saluma

Kuseri kwa msewu wa omata matayala kuli nyumba yaitali ya malata imene kale ankasungiramo simenti. Pageti pake pali chikwangwani cha dzina lalitali lachifundo, koma palibe amene amavutika kuliwerenga. Aliyense amangoti kwa agalu. Kumeneko ndi kumene amatengera agalu ndi amphaka opanda mwini, kuwasambitsa, kuwazula nkhupakupa, kuwabaya katemera wa chiwewe, kuwafula, kenako n'kudikira munthu wa mtima wabwino adzatenge mmodzi kukamusunga kwawo. Zikamanenedwa chonchi zimamveka ngati ntchito ya masisitere. Mukadzalowa m'mawa pansi asanatsuke, mudzaona nokha kuti ndi ntchito ya magazi.

Agalu safika kumeneko akugwedeza mchira. Wina amabwera msana utasupuka ndi madzi otentha chifukwa ananunkhiza mphika wa eni ake. Wina chikwanje chitamudya pantchafu mpaka fupa kuonekera. Wina atamugenda mpaka diso kulendewera patsaya. Amphaka amabwera m'thumba lomanga kukamwa, onyowa, apansi atafa kale. Ndipo amene ankamasula matumbawo ndi kutsuka mabalawo anali Mayi Zipsera.

Dzinali silinali lachipongwe, linkangonena zimene maso akuona. Kuchokera m'zala mpaka m'zigongono mikono yawo inali zipsera zokhazokha, zina zoyera, zina zakuda, zina zokhotakhota ngati msoko wa telala wophunzira kumene. Mwana wawo wamkazi, amene analidi telala ndipo ankakhala nawo m'nyumba ya zipinda ziwiri, ankawasokera malaya a manja aatali kuti asamaopseze anthu m'basi. Iwo ankathokoza, kuvala, n'kupinda manjawo asanatuluke n'komwe pakhomo.

Sikuti zipsera zonse zinali za agalu. Cha pamwamba pa diso lakumanzere chinali cha mwamuna wawo, makaniko wa magalimoto akuluakulu, munthu woseka bwino kunja, koma amene akalowa m'nyumba lamba ankayamba kumuyabwa m'chiuno. Anawamenya ali ndi pakati, anawamenya ali ndi khanda kumsana, ndipo nthawi zonse akathawira kwa amayi awo ankauzidwa kuti banja ndi kupirira. Anapiriradi, mpaka tsiku limene bamboyo ananyamula mwana ndi mwendo umodzi chifukwa cholira. Tsiku limenelo iwo anali akusita. Simbi ija anaidinda pakhosi pake n'kuitsindika mpaka fungo linadzaza chipinda. Bamboyo anatuluka akubangula, osavala nsapato, ndipo nsapatozo sanabwerenso kudzatenga.

Zitatero Mayi Zipsera anakalowa ntchito kophera ng'ombe, yotsuka matumbo. Kumeneko agalu oyendayenda ankadzazana kungalande ya magazi, ndipo anyamata opha ng'ombe ankasangalala kuwathira madzi owira. Mayi Zipsera anawaletsa kamodzi ndi pakamwa. Kachiwiri analankhula ndi fupa la mwendo wa ng'ombe, mmodzi nsagwada inachoka m'malo. Ntchito inathera pomwepo, koma nkhani inamveka, ndipo mayi wina wolankhula motsitsa amene ankayendetsa malo a agalu aja anawatumizira uthenga kuti abwere. Mayi ameneyo ndi amene onse ankamutchula kuti Abwana.

Dzanja la Mayi Zipsera linali la anthu okha. Galu sanamumenyepo ngakhale ndi kansalu. Koma bambo wina atabwera kudzataya galu wake wokalamba, akumukoka kumbuyo kwa njinga yamoto mpaka zikhatho zonse kusenda, anabwerera kwawo mano akutsogolo ali m'thumba la shati, mbale yachitsulo yodyera agalu itapindika. Abwana anawachenjeza, anawachenjezanso, kenako anangogula mbale zapulasitiki.

Pamalopo panali lamulo limodzi losapindika: galu woluma saperekedwa kwa anthu. Palibe amene angalitsutse, pakuti galu wopita kunyumba ya ana akaluma mwana mmodzi, geti la malo onsewo litsekedwa. Choncho galu akakana kusiya kuluma ankapita kukachipinda kakumapeto, kumene dokotala wa ziweto ankamubaya jakisoni wogona osadzukanso. Mayi Zipsera ankadana ndi kachipinda kaja kuposa mmene ankadanirana ndi mwamuna wawo, ndipo luso lawo lonse linabadwira m'chidani chimenecho. Iwo ankachotsa kuluma m'kamwa mwa galu. Galu aliyense amene anasiya kuluma m'manja mwawo anali galu amene amulanda kwa jakisoni.

Waya anabwera nyengo yotentha. Anali galu wamkulu wofiirira, wa mutu ngati ndowa. Winawake anamumanga khosi ndi waya ali kamwana n'kuiwala kuti galu amakula. Khosi linakula, waya sanakule, analowa m'nyama mpaka kubisika, pakhosi ponse pali mafinya ndi mphutsi. Pomugwira analuma dalaivala wa pamalopo pakatumba n'kuchotsa nyama, moti dalaivalayo mpaka lero amatsimphina. Adokotala anamugoneka, n'kudula wayayo pang'onopang'ono ndi pulayala, ndipo galuyo atangotsitsimuka anawang'ambira buluku kuyambira m'chiuno mpaka pabondo. Adokotala akusintha buluku anauza Mayi Zipsera kuti ameneyu asamupatse dzina, chifukwa sakhalitsa. Pofika madzulo onse anali akumutchula kuti Waya.

Mayi Zipsera anapempha nthawi, ndipo Abwana anawapatsa mokayika. M'mawa uliwonse akamaliza kutsuka makola ankalowa mwa Waya, kuzondotsa ndowa, n'kukhalapo atamufulatira, mkono atakulunga ndi chubu cha tayala. Tsiku loyamba mano anaboola chubu, anaboola khungu, n'kukagunda fupa. Magazi anayenderera m'zala n'kumadontha pasimenti. Iwo sanakoke mkono. Ankati dzanja lothawa ndi limene limang'ambika, chifukwa galu akamva chikuthawa ndiye amalimbitsa. Anangotembenuza mutu n'kumufunsa motsitsa, ngati akufunsa mwana amene akuchedwa kubafa.

"Wamaliza? Ukamaliza undiuze, ena akudikira chakudya."

Waya anawaluma masiku ambiri, ndipo mwana wawo telala uja ankalira powamanga mabala, akuwafunsa ngati galuyo ndi amene adzawaike m'manda. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuluma kunayamba kuchepa mphamvu, kenako kunasanduka kungogwira, kenako tsiku lina Waya anaika chibwano pabondo pawo n'kuusa moyo ngati munthu wotula katundu.

Akanalekera pomwepo. Koma galu wosaluma anthu akhoza kulumabe galu wa aneba, ndipo zimenezonso zimabweza galu kukachipinda kakumapeto. Ndiye anayamba kumulowetsera agalu anzake. Wina akamuputa, Waya n'kukweza mlomo, iwo ankamugwira paphewa, kumugoneka cham'mbali mofatsa, n'kumuponyera kachiwindi. Anachita zimenezi mosatopa mpaka Waya anazimvetsa kuti mkwiyo ukabwera, wa galu kapena wa munthu, chochita n'kugona pansi ndi kudikira, zabwino zibwera. Mapeto ake ana amphaka ankagona pamsana pake. Mayi Zipsera ankaitana aliyense wodutsa kuti adzaone, ngakhale omata matayala, ndipo kunyada kwawo kunali koonekera patali. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Loweruka ndilo linali tsiku la alendo. Mabanja ankayenda m'kanjira ka pakati pa makola atatseka mphuno, ana akuloza tiana ta agalu, makolo akufunsa za chakudya ndi katemera. Waya ankamudutsa mofulumira. Ndani angafune chigalu chachikulu cha khosi lopanda ubweya? Iye ankangokhala tsonga akugwedeza mchira kwa anthu amene sanamuyang'ane n'komwe, ndipo Mayi Zipsera zinkawapweteka mumtima ngati okanidwawo ndi iwo eni.

Loweruka lina kunabwera bambo wa magalasi, shati yosita bwino, wogulitsa zipangizo za magalimoto. Anagwira padzanja kamtsikana kovala maliboni. Tiana ta agalu sanatiyang'ane. Anayenda mpaka kwa Waya, anaima, n'kumuyeza ndi maso kuyambira pachifuwa mpaka kumiyendo. Kenako anafunsa funso limene kholo lililonse labwino limafunsa, funso limene Mayi Zipsera anataya magazi awo kuti adzathe kuliyankha.

"Mayi, ameneyu saluma?"

Mayi Zipsera anangoseka. Analowa m'khola, anamukoka khutu, anamuponda mchira, anamulanda mbale ali pakati pa kudya. Waya anawanyambita chigongono. Bamboyo anagwedeza mutu mokhutira, n'kunena kuti aneba ake ali ndi agalu olusa ndipo iye safuna milandu, nanga galu mnzake akamuyamba zimatha bwanji? Mayi Zipsera anakatenga Tsabola, kagalu kakang'ono kamwano kamene kankaluma ngakhale tsache. Tsabola analumphira pakhosi pa Waya n'kulendewera. Waya anagona cham'mbali, maso ali kwa mayiwo, akudikira kachiwindi kake.

"Ndi ameneyu ndimafuna," anatero bamboyo.

Galu saperekedwa wina wa pamalopo asanakaone kunyumba kumene akupita, ndipo woona anali Mayi Zipsera omwewo. Anapita ndi dalaivala, n'kuyang'ana zimene anthu a ntchito yawo amayang'ana: ngati mpanda uli wautali, ngati pansi pa geti pali mpata woti galu n'kutulukira, ngati pali mthunzi, ngati pali madzi. Mpanda unali wa njerwa, wautali kuposa munthu wokweza manja, pamwamba atazika mabotolo osweka. Geti linali lachitsulo, lofiirira, lofika pansi penipeni. Anthu osunga agalu akaona mpanda wotero mtima umakhala m'malo, amangoganiza za galu amene sangatuluke, osaganiza za maso amene sangalowe. Kuseri kwa nyumba kunali galaja yaitali yokhoma, m'kati wailesi ikulira mokweza kwambiri, ndipo bamboyo anati ndi anyamata ake akukonza zitsulo. Mkazi wake anabweretsa chakumwa chozizira pakhonde, anapereka maso ali pansi, n'kubwerera m'nyumba. Mayi Zipsera anayamikira mpandawo kawiri konse. Pobwerera, Waya atamusiya pamthunzi wa mtengo, analira m'galimoto, n'kutukwana dalaivala chifukwa chowayang'ana.

Panapita masabata. Tsiku lina m'mawa galimoto ya zinyalala inaima pageti, ndipo mmodzi wa otola zinyalala analowa atanyamula thumba lodontha. Anati analipeza m'bini, ndipo akanaliponya pamodzi ndi zina likanapanda kugwedezeka. Mayi Zipsera analimasula patebulo la adokotala. Munali galu wamkazi woyera, kapena kuti amene kale anali woyera. Khosi ndi miyendo yakutsogolo zinali zong'ambikang'ambika, khutu limodzi kulibe, pakamwa atazenga ndi tepi yakuda mpaka m'maso. Adokotala atadula tepiyo anapeza mano onse atapalidwa ndi tupa mpaka m'nkhama. Galuyo anapuma kangapo n'kusiya.

Mayi Zipsera anaona nkhanza zamitundumitundu, koma iyi sanaimvetse, ndipo anafunsa kuti munthu angapale mano a galu kuti apeze chiyani. Adokotala anasamba m'manja nthawi yaitali asanayankhe. Anati zimenezi anazionapo kumene ankagwira ntchito kale. Pali anthu amene amamenyanitsa agalu n'kumabetcherana, ndipo galu womenya sabadwa akudziwa kupha, amachita kumuphunzitsa. Amamupatsa galu wamoyo woti aphunzirirepo, amene amamutcha nyambo. Koma popeza galu womenyayo ndi chuma chawo, safuna kuti akandike ngakhale pang'ono, n'chifukwa chake nyamboyo amaipala mano ndi kuimanga pakamwa. Anawonjezera kuti nyambo imene amaisaka kwambiri ndi galu wamkulu wofatsa, chifukwa wamkulu amachedwa kufa, ndipo kagalu kakagwetsa chigalu chachikulu kamalimba mtima.

Mayi Zipsera anatembenukira kwa wotola zinyalala uja n'kumufunsa kuti biniyo inali ya nyumba iti. Iye anati dzina la mwini wake salidziwa, koma ndi nyumba ya mpanda wautali wa mabotolo pamwamba, geti lofiirira, ndipo thumba lotere silinali loyamba, kungoti enawo sankagwedezeka.

Abwana anaimbira apolisi nthawi yomweyo. Anayankhidwa mwaulemu kuti m'nyumba ya munthu salowa popanda chikalata cha khoti, ndipo chikalatacho chikhoza kutuluka mawa. Abwana anagwira Mayi Zipsera pamkono n'kuwachonderera kuti adikire, kuti akapita okha akawononga mlandu, mwinanso akafa. Anali kunena zoona. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi Zipsera anachotsa dzanja la Abwana mwaulemu, n'kutenga chogwirira agalu pakhoma, chipaipi chachitali chachitsulo chokhala ndi chingwe chokolera kunsonga. Dalaivala anawatsatira akutsimphina, akulumbira kuti iye angowasiya pageti basi, ali ndi ana.

Dzuwa linali likuswa mtengo pamene anafika. Kunja kwa mpanda kunali magalimoto angapo, ndipo geti linali lotsegula pang'ono, mwamuna wina wamapewa ataima pampata. Anafunsa kuti akufuna ndani. Mayi Zipsera anamuyankha ndi nsonga ya chipaipi pamchombo, ndipo atapindika anamuwonjezera bondo pamphuno. Pakhonde panali mkazi uja akuchapa. Anadzutsa mutu, anawazindikira, ndipo ulendo uno anawayang'ana m'maso. Analoza kugalaja ndi chibwano, ananyamula mwana wake wa maliboni, n'kulowa m'nyumba n'kukhoma.

Wailesi inali ikulira ngati tsiku lija. Atakankha chitseko, fungo linawalandira, fungo limene ankalidziwa kuchokera kophera ng'ombe. M'mbali mwa khoma munali agalu afupiafupi a zifuwa zotakata, makutu odula, aliyense pa unyolo wake, onse akuuwa mpaka malata kunjenjemera. Wailesi ija ntchito yake inali imeneyo. Pakati panali bwalo lotchinga ndi matabwa ofika m'chiuno, pansi atayala kapeti imene mtundu wake sunkadziwikanso. Amuna anazungulira matabwawo, mabotolo ali m'manja, akukuwa.

Waya anali m'katimo, atamangidwa ndi chingwe chachifupi kuchitsulo chapansi. Anali atawonda mpaka nthiti kuwerengeka. Khutu lakumanja linatsala kachidutswa. Thupi lonse linali mabala, ena ouma, ena a dzulo, ndipo chipsera cha waya chija, chimene iwo anachipoletsa ndi manja awo, chinali chitatsegukanso chonse. Paphewa pake panali kagalu kotuwa, kanthete, katamiza mano n'kumagwedeza mutu uku ndi uku, nyama ikumveka kung'ambika. Waya anali atagona cham'mbali. Pakamwa pake panalibe tepi.

Bambo wa magalasi ndiye anayamba kuwaona. Sanadzidzimuke, sanachite manyazi. Anamwetulira ngati kasitomala amene wakumana ndi wogulitsa wachilungamo.

"Mayi, munanena zoona. Ngakhale tepi sitinawononge."

Mayi Zipsera sanadziwe mmene anadumphira matabwa aja. Chingwe cha chipaipi chinalowa m'khosi mwa kagalu kotuwa, ndipo anakoka. Kagaluko sikanasiye. Anapotokola chipaipi, anapondetsa phazi, anakoka ndi msana wonse mpaka maso a kagaluko anatuzuka, lilime linada, nsagwada zinatseguka zokha. Anakanyamula m'mwamba ndi chipaipicho n'kukamenyetsa kumatabwa, ndipo kanagwa osadzukanso. Moyo wawo wonse anali asanapwetekepo galu, ndipo ngakhale pakati pa ukali umenewo anadziwa kuti kagaluko nakonso sikanasankhe kukhala m'galaja muja. Zinawawawa, koma analibe nthawi.

Amuna aja anakuwa ngati ophedwawo ndi iwo eni. Wina anazula thabwa n'kuwamenya nalo pamsana, mpweya wonse unatuluka. Anatembenuka n'kumuphwanya chipaipi pakhutu, koma wina anawatchera mwendo, ndipo anagwa chafufumimba pakapeti yonyowa. Nsapato zinayamba kugwa ngati matalala, m'nthiti, m'mutu, m'chiuno. Anamva nthiti ikuthyoka m'kati ndi kaphokoso kouma. Botolo linasweka pamutu pawo, magazi anatsikira m'maso. Bambo wa magalasi anakankha anzake kuti amusiyire, anawagadamiza, n'kuwakhazika bondo pachifuwa, penipeni pa nthiti yothyokayo. Magalasi anali atagwa, ndipo popanda magalasi nkhope yake inali ya munthu wamba amene wakwiya chifukwa cha katundu wake.

Waya anali pafupi, pafupi kwambiri. Atamva fungo lawo anadzutsa mutu, mchira n'kuyamba kumenya kapeti. Mwendo wa bamboyo unali pamphuno pake penipeni. Nsagwada zimene zinachotsa nyama pakatumba ka dalaivala zikanathyola mwendo umenewo ngati nzimbe.

"Luma!" anakuwa Mayi Zipsera. "Waya, luma! Luma, mwana wanga!"

Waya anamva ukali m'mawu awo, ukali umene anali asanaumvepo kwa iwo. Anachita chimene anaphunzitsidwa kuchita mkwiyo ukabwera. Anatsitsa mutu, anagubuduka pang'onopang'ono ndi ululu wonsewo, n'kuonetsa mimba.

Amuna aja anaseka. Bamboyo nayenso anaseka, n'kuwatseka pakamwa ndi chikhatho kuti asiye phokoso. Apa ndi pamene analakwitsa. Mayi Zipsera anatsegula kukamwa, chala chachikulu chinalowa, ndipo anatseka. Analumidwa zaka zambiri moti ankadziwa bwino mmene ntchitoyo imagwiridwira: kulowetsa mpaka mano akumbuyo, kulimbitsa, n'kugwedeza mutu. Bamboyo anakuwa mawu a mwana. Anawamenya nkhonya pamphuno ndi dzanja linalo, kamodzi, kawiri, mphuno inaphwanyika, koma iwo sanasiye. Kenako anachita chimene aliyense wosadziwa amachita, anakoka dzanja ndi mphamvu zake zonse. Dzanja linatuluka, chala chinatsala.

Nthawi yomweyo kunja kunamveka chiphokoso cha chitsulo. Dalaivala uja, wa ana uja, anali atagunda geti ndi galimoto ya ntchito n'kulowa nalo pabwalo, akuliza hutala mosalekeza ndi kukuwa kuti apolisi afika. Kunalibe wapolisi ngakhale mmodzi, koma wolakwa safunsa. Amuna aja anapondanapondana pachitseko, ena anakwera mpanda n'kukagwira mabotolo osweka aja ndi manja awiri. Bambo wa magalasi anatsala atakhala pansi pakona, atapanira dzanja m'khwapa, shati yosita ija ili psuu, akulira kuti wina amutengere kuchipatala.

Mayi Zipsera analavula, anakwawa mpaka pa Waya, n'kumasula chingwe. Dalaivala anafuna kuwathandiza kunyamula, iwo anakana. Ndi nthiti yothyoka, diso limodzi lotsekeka, anamunyamula okha mpaka m'galimoto, ndipo sanali wolemeranso. Anakhala kumbuyo, mutu wake uli pamiyendo pawo. Anang'amba dzanja la malaya limene mwana wawo anasoka n'kutsindika pakhosi, koma magazi ankatuluka m'mipata ya zala, otentha, motsatira kugunda kwa mtima. Ankamulankhula njira yonse. Anamuuza kuti analakwa ndi iwo, osati iye, kuti iye ndi galu wabwino, kuti akafika amupatsa chiwindi chathunthu. Mchira unagwedezeka pang'ono. Pamene galimoto inkakhota kulowa mumsewu wa omata matayala, magazi anasiya kugunda m'zala zawo.

Anamugoneka patebulo lomwe lija panagona galu woyera. Adokotala anaika chomvera pachifuwa, anadikira, n'kuchichotsa m'makutu. Abwana anali pakhomo atagwira pakamwa. Adokotala anati tsopano wofunika chipatala ndi iwo, akhale pansi awaone mphuno. Mayi Zipsera anakana kukhala. Anagwira m'mphepete mwa tebulo kuti asagwe, n'kuwapempha kuti amutsegule Waya kukamwa.

Adokotala sanamve chimene akufuna. Iwo anafotokoza, mawu akutuluka movutikira m'mphuno yophwanyika. Anati Waya anakhala m'galaja muja masabata, ndipo iwo anangoona tsiku limodzi lokha. Mwina masiku enawo, pamene ululu unafika posapiririka, anabwezako. Mwina m'mawa womwewo, iwo asanafike. Galu akaluma mnzake pamatsala kanthu pakati pa mano, kaubweya, kachikopa, ngakhale dzino lothyoka. Sankafuna zambiri, ankafuna kaubweya kamodzi.

Adokotala anatenga tochi yaing'ono, anakweza milomo ya Waya, n'kukanula nsagwada. Anayang'ana m'mwamba, anayang'ana m'munsi, analowetsa chala mpaka kumano akumbuyo. Mano onse analipo, aakulu, olimba, oyera, opanda ngakhale mng'alu. Anakhala akuyang'ana nthawi yaitali kuposa imene inafunika. Kunja kunamveka galimoto ikuima, ndi mawu a wapolisi akufunsa dalaivala za mayi amene waluma munthu. Adokotala anazimitsa tochi, anayang'ana magazi amene anauma pachibwano cha Mayi Zipsera, ndipo bodza linawakanika.

"Mulibe kanthu, mayi."

"Yang'ananinso," anatero Mayi Zipsera.

Adokotala anayatsanso tochi.